Kadamsana wa ku Rujewa ndi fyuluta yanga ya katoni ya sopo

Ine ntchito yanga ndi yojambula maukwati, zinkhoswe, ma graduation, ndi tizithunzi ta pasipoti mwezi ukavuta. Dzuwa ndimalidziwa ngati mdani basi, lija limapangitsa akwati kutsinzina maso thukuta lili chuchuchu pa makeup. Nde atandiimbira bwana wina wa kakampani koyendetsa alendo kuti akufuna wojambula woti aperekeze azungu asanu ku Tanzania kukaona kadamsana wa pa 1 Sepitembala 2016, ine ndinangoti "zotheka bwana", nditadula foni mpamene ndinayamba kudzifunsa kuti kodi dzuwa amalijambula bwanji. Kunali kutatsala masabata atatu, bandulo yanga yonse inathera kuwerenga zimenezi usiku.

Lolemba pa 29 Ogasiti mpamene katundu wanga anafika kuchokera ku Joni, alamu anga anatumiza pa basi. Munali magalasi a kadamsana 12 aja a pepala, ndi pepala limodzi la Baader AstroSolar lalikulu ngati A4. Mutaliona mungaseke, limangooneka ngati kajumbo konyezimira kokutira mabisiketi, koma kuwala kwa dzuwa limakuchepetsa ka 100,000. Lilipo la mitundu iwiri, la 5.0 ndi la 3.8, ndipo la 3.8 lo ndi la kamera yokha diso lisayerekeze, nde ndinachita kuwabwerezera alamu katatu pa WhatsApp kuti likhale la 5.0 mpaka anandifunsa ngati ndikuwayesa mwana. Magalasiwo analembapo ISO 12312-2 inde, nambala yosonyeza kuti ndi otetezeka poyang'anira dzuwa, koma kulemba aliyense atha kulemba, nde ndinavala limodzilimodzi nkuyang'ana m'nyumba. Ukaona mipando, makatani, nkhope za anthu, taya amenewo. Abwino suona kanthu, mdima bii, babu yoyaka ndi yomwe imangooneka patalipatali.

Katunduyu asanafike ndinapitako kwa awelida ena ku Biwi poganiza kuti galasi lawo lingandipulumutse basi ikachedwa. Anandipatsa mwaulemu, kuyang'ana pakona palembedwa 10, pomwe loyang'anira dzuwa amati likhale la nambala 14. Iwo amvekere "achimwene, ife timayang'ana moto tsiku lonse ndi lomweli." Ndinangothokoza nkubweza.

Fyuluta, imodzi pa kamera iliyonse, tinapanga pa tebulo lodyera ine ndi mwana wa achemwali anga, yemwe amandinyamulira zikwama ku maukwati. Tinadula tizingelengele tiwiri pa katoni ya sopo, pepala lija nkuliika pakati ngati sangweji, koma osalikoka kuti lithine, makwinya pang'ono alibe vuto, ukalikoka ndi pomwe chithunzi chimaonongeka. Kenako tinakulunga katoni ina kuzungulira lenzi ngati chipewa chakuya, kumata zonse ndi selotepi, nkukweza fyulutayo pa babu kusakasaka ngati pali kabowo ngakhale kangati ka singano. Fyuluta imakhala kutsogolo kwa lenzi, osati kumbuyo, nkhani yake ndi imeneyi: ndinachotsa lenzi yanga ya 300mm pa kamera, kuilozetsa kudzuwa ilibe fyuluta, mnyamata uja atagwira jumbo yakuda kumbuyo kwake. Sitinawerenge nkufika pa 5, utsi tolo, jumbo yabooka. Anangoti kukamwa yasa, kenako "ankolo, nde diso likhale pamenepo?" Ndinamuuza kuti choopsa kwambiri nchakuti kumbuyo kwa diso komwe kuwala kumakagwera kulibe mitsempha yomva kupweteka, munthu umapsa uku ukuseka, kadontho kakuda pakati pa chilichonse chomwe ukuyang'ana kamadzaoneka patapita maola kapena mawa lake, ndipo kwa ena sikachokanso. Pompo ndinatenga selotepi yakuda nkumata viewfinder, kagalasi kosuzumira kaja, ya makamera onse awiri, chifukwa dzanja la wojambula limakweza kamera kupita pa diso lokha osakufunsa.

Ndikamaganiza za 2001 thupi limachita tsemwe. Pa 21 Juni chaka chimenecho kadamsana wathunthu anadutsa ku Lusaka masana kunkada ngati usiku, kuno dzuwa linadyedwa kwambiri ndithu, ndipo ife anyamata a kusukulu tinali kalikiliki kudetsa magalasi osweka ndi mwaye wa koloboyi, ena ma negative a filimu, ena kuyang'ana m'beseni la madzi akuti m'madzi dzuwa limazizira. Zonsezo ndi zabodza, pamodzi ndi mashedi, ma CD ndi mapepala a X-ray. Zimangochepetsa kuthobwa kuti uthe kuyang'ana nthawi yaitali, kuwala koononga kukudutsabe. Tinangopulumuka mwa chisomo.

Madzulo a Lolemba lomwelo ndinayeserera panja. Dzuwa kulipeza ndi lenzi yaitali si masewera, fyuluta ikakhalapo sikirini imangokhala yakuda, nde njira yake umayang'ana pansi osati kumwamba, kumatembenuza kamera mpaka chithunzithunzi chake pansipo chichepe kwambiri, dzuwa limangotulukira lokha pa sikirini ya kamera. Autofocus iwalani, imangolira uku ndi uku. Ndinafokasa ndi dzanja m'mphepete mwa dzuwa nditakulitsa chithunzi, nkumata selotepi kuti pasasunthe. Kamera kuitchera pa ISO 100, f/8, shutter cha m'ma 1/800, kuti izilowetsa kuwala kochepa, ndi pomwe zimatuluka bwino ndi fyuluta yangayo. Pa 300mm dzuwa limakhala kadontho kosakwana mamilimita 3 pa sensa, komanso silikhazikika, mphindi ziwiri zilizonse limakhala litasuntha mtunda wofanana ndi kukula kwake, ukacheza pang'ono ulipeza lathawa mu fulemu.

Lachiwiri ndi msewu basi. Kasungu, Jenda, Mzuzu, kutsika Chiweta azungu akujambula nyanja pa windo ine nditakumbatira kachitini ka mabisiketi momwe ndinaika fyuluta ngati muli mazira, kukagona ku Karonga. Lachitatu m'mawa tinadutsa boda ya Songwe, kusintha makwacha ku Kasumulu, kukwera mapiri a Tukuyu kudutsa minda ya tiyi ndi nthochi, pa Uyole nkukhotera msewu wa ku Iringa mpaka tinakapeza malo ogona cha ku Chimala.

Apa mpamene tikanagwa nayo. Tanzania ili kutsogolo ndi ola limodzi, mafoni anasintha okha koma wotchi ya m'galimoto ndi ya pamkono ya adalaivala zinatsala pa nthawi ya kwathu, pomwe pepala la pulogalamu linalembedwa nthawi ya ku Tanzania. Ndiye pali nthawi ya Chiswahili, iwo amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, 7 koloko m'mawa amati saa moja. Mayi wa pamalo ogonawo anamuuza mnyamata wanga kuti kupatwa kwa jua, kadamsanayo, kuyamba saa nne, iye nkubwera akusangalala, "ankolo tigone mokwanira, akuti ziyamba 4 koloko." Saa nne ndi 10 koloko m'mawa aise. Usiku umenewo ndinazungulira kukonza wotchi iliyonse, ya m'makamera yomwe.

Lachinayi tinanyamuka kusanache bwino, pa Igawa nkusiya msewu waukulu kulowera ku Rujewa, boma la Mbarali, dera lathyathyathya la alimi a mpunga. Anthu anali atadzaza kale, mabasi, ana asukulu mu yunifolomu, atolankhani, ogulitsa chipsi mayai. Kumwamba kunali mbee, nthawi imeneyo ya chilimwe ndi chifukwa chake ambiri anasankha kumeneko. Ndinasankha malo pambali pang'ono pafupi ndi mtengo wa mango, kuimika ma tripod awiri, kupachika chikwama cha miyala pansi pake chifukwa cha mphepo, nkuwonjezera selotepi pa fyuluta kuti isauluke.

Kadamsana ameneyu sanali ngati wa 2001, ndipo izi ndinawauza azungu anga ndi adalaivala kangapo m'galimoto. Mwezi umazungulira dziko mosinthasintha mtunda, nthawi zina umayandikira nthawi zina umatalikira, nde tsiku limeneli unali chakutali moti umaoneka wochepa pang'ono kuyerekeza ndi dzuwa. Ukafika pakatikati sutha kulitseka lonse, kumatsala mphete ya moto kuzungulira. Mphete imeneyo ndi dzuwa lenileni, imaotcha chimodzimodzi. Pa kadamsana wathunthu pamakhala mphindi zochepa zomwe anthu amavula magalasi dzuwa likatsekedwa lonse, koma pa wa mphete palibe ngakhale sekondi imodzi yotero.

Itangodutsa 10 koloko ndinaona pa sikirini kuti m'mphepete mwa dzuwa mwalumidwa pang'ono ngati mbewa yalawa chigumu. Sikirini yake kuti uione padzuwa loswa mtengo ngati limenelo ndi nkhondo, nde ndinadzifunditsa chitenje cha akazi anga kumutu pamodzi ndi kumbuyo kwa kamera ngati ojambula akalekale, ana akundiseka. Dzuwa linali pafupifupi pamutu penipeni, kamera yaloza kumwamba ine nditagwada m'fumbi khosi likuwawa. Ndimajambula kamodzi mphindi zisanu zilizonse, kusuntha tripod pang'ono, kujambulanso.

Azungu anabwera ndi magalasi awo, nde 12 anga aja anasanduka a gulu. Panapangika mzere wa ana ndi azimayi, mnyamata wanga ndi Chiswahili chake cha pa boda nkumawalamulira ngati wapolisi wa pamsewu, werama kaye, vala, dzutsa mutu, ona, weramanso, kenako vula. Ana amafuna kuvula adakali chiyang'anire kumwamba, mpomwe pamafunika diso la munthu wamkulu. Agogo ena anabwera ndi kagalasi kodetsa ndi utsi, ndinachita kuwagwadira kuti tisinthane, atavala anga anakhala chete nthawi yaitali mpaka a pamzere anayamba kudandaula.

Cha m'ma 11:30 kuwala kunasintha. Sikunade ayi, koma kunafooka ngati babu magetsi akachepa mphamvu, mitundu ya zovala inazilala, kutentha kuja kunatsika kamphepo kozizirira nkuyamba. Nditatulutsa mutu m'chitenje ndinaona pansi pa mango paja padzaza tizikwakwa ta kuwala, mazanamazana, timipata ta pakati pa masamba tikujambula dzuwa lodyedwalo pa dothi, pa malaya a anthu, pa bonet ya galimoto. Ndinabwereka chipande chobowolabowola kwa wokazinga chipsi nkuchigwira pamwamba pa pepala loyera, kabowo kalikonse kanatulutsa kachikwakwa kake. Amene analibe magalasi anaonera pamenepo atafulatira dzuwa, ndipo zithunzi zimenezo ndinajambula ndi foni chifukwa makamera onse anali otanganidwa.

Itatsala pang'ono kukwana 12, nsonga ziwiri za chikwakwa chija zinayamba kuthamangitsana kuzungulira mwezi, kenako nkukumana. Mphete. Anthu anakuwa, mahutala a galimoto, nthungululu. Ndinali ndi mphindi pafupifupi zitatu basi. Ndili mkati mojambula ndinangoona ndi kona ya diso dzanja la mnyamata wanga likusenda selotepi ya fyuluta pa kamera yachiwiri. Kumeneko mmodzi mwa azungu aja, bambo wachikulire yemwe anaonera wa 2001 ku Zambia, anali atamunong'oneza kuti ikafika pachimake fyuluta amachotsa. Ndinalumpha nkumumenya dzanja mnyamatayo, phazi langa nkukankha tripod yanga, dzuwa nkusowa mu fulemu. Kulisakanso ndi chithunzithunzi cha pansi manja akunjenjemera kunandidyera pafupifupi theka la mphindi, ndipo mau omwe ndinayankhula pamenepo sindingawalembe pano. Bamboyo nditacheuka ndinapeza naye magalasi ali m'manja akuphethiraphethira kumwamba, akazi awo ndi omwe anawakalipira mpaka anavalanso. Anadzapepesa madzulo, akuti chisangalalo chinawaiwalitsa.

Zithunzi za mphete zakuthwa bwino ndinapeza 9, zina zonse zogwedera. Pa ziwiri mphete ili yofanana mbali zonse. Ndinapitiriza kujambula mpaka mwezi unachokeratu cha m'ma 2 koloko, nthawi imeneyo anthu ambiri atabalalika kale, kuti ndidzathe kusanja zithunzi zonse pamzere umodzi kuyambira polumidwa mpaka pomaliza. Mnyamata uja sanandiyankhule mpaka ku Tukuyu, ndinachita kumugulira nthochi.

Lachisanu tinayenda tsiku lonse, kufika ku Lilongwe usiku miyendo itatupa. Bwana uja zithunzi anazikonda, makamaka cha foni cha tizikwakwa pa malaya a mwana wasukulu, koma theka la ndalama zanga akuti ndidikire kutha kwa mwezi, mwezi wake uti sananene. M'galimoto azungu amakambirana kale za wa pa 25 Novembala 2030, wathunthu, wodutsa Namibia, Botswana, South Africa ndi Lesotho, nde fyuluta ndaibwezera m'chitini chake ndaika pamwamba pa wadirobu.

Loweruka 8 koloko m'mawa ndinali kale mu tchalitchi ku Area 25, ukwati. Mkwatibwi akulowa, kwaya ikuimba, ine kukweza kamera pa diso mdima bii, selotepi ija idakali pa viewfinder. Kuisenda mwachangu, kujambula zinayi zotsatizana, kuyang'ana pa sikirini zonse zakuda, ISO 100 ndi 1/800 mkati mwa tchalitchi cha mawindo ang'onoang'ono, fokasi nayo idakali yomata kuloza kudzuwa. Ndinachita kupempha ankhoswe kuti mwambo ukatha mkwatibwi alowenso kachiwiri pakhomo paja.