Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Makilo Amene Ndinkawaopa

Gawo lapitali ndinalekezera pa usiku umene ndinauza amuna anga kuti ndaima. Lero ndikamba chinthu chimene ndinachibisa miyezi iwiri yathunthu, ngakhale kwa munthu wofunda naye bulangete limodzi.

Ndinakula ndili wojintcha. Ku pulayimale anyamata anandipatsa dzina limene sindilemba pano, chifukwa mpaka lero ndikalikumbuka mtima umawawa. Azakhali kumudzi ankati thupi langa ndi la mwana wosamalidwa, koma mawu amene ankalowa m'kati ndi akusukulu aja. Nditayamba ntchito ku Limbe ndinadzimana kwambiri, ndipo pa tsiku la ukwati ndinali ndi makilo 56. Nambala imeneyi ndinkaisunga mumtima ngati chuma.

Miyezi itatu yoyamba ndinkangosanza. Fungo la mafuta ophikira linkandithamangitsa kukhitchini, ndipo sikelo sinasunthe. Ndinene zoona, pansi pa mtima ndinkakondwa nazo. Mwezi wachinayi njala inabwera ndi mphamvu. Siketi yanga yakuda ya kuntchito inakana zipi. Maere anakula, khosi linada, mzere wakuda unatsika kuchokera pamchombo, ndipo m'chiuno munayamba timizere. Ndikamasamba ndinkapewa kudziyang'ana.

Ndiye pakamwa pa anthu! Mayi wapakati ku Malawi kuno thupi lake aliyense amalankhulapo. Kuntchito mnzanga anati, "Asisi, muzisamala, enatu akanenepa sabwereranso." Apongozi atabwera kudzationa anati, "Mwanangu, idyani mbale ziwiri, muli awiritu." Koma mawu amene anandigwira ndi a mayi wina wachikulire mu minibasi. Anayang'ana mimba yanga nkunena kuti, "Musamadye kwambiri, mwana akakula akakung'ambani." Mawu amenewa anandipatsa pobisalira. Ndinayamba kudziuza kuti ndikuthawa opareshoni, pamene chenicheni ndinkathawa dzina la ku pulayimale lija.

Chakudya chamasana chimene ndinkanyamula kunyumba ndinkapatsa alonda a pageti. Ine ndinkamwa tiyi basi. Madzulo ndinkadya mtanda umodzi wa nsima nkunamizira kuti chilungulira chandivuta. Pokwera masitepe maso ankachita mdima, koma ndinkati ndi mimba.

Kusikelo mwezi wachisanu analemba 59 m'buku langa. Mwezi wachisanu ndi chimodzi analembanso 59. Namwino amene anandiona tsiku limenelo anali mayi wamkulu, wolankhula motsitsa. Anayeza mimba ndi tepi, anayeza mkono, anakoka chikope changa cham'munsi, anatembenuza zikhatho zanga. Kenako anatseka buku.

"Mayi, mukudya?"

"Eya, ndikudya."

"Dzulo masana munadya chiyani?"

Pakamwa panauma. Misozi ndi imene inayankha. Panja panali mzere wautali wa amayi pa benchi, koma sanandifulumize, ndipo sanandikalipire. Ndinawauza zonse, za minibasi ndi za siketi yomwe.

Anang'amba kapepala nkuyamba kulemba ngati munthu wowerengera katundu wa mu golosale. Mwana pobadwa, makilo 3 kapena 3 ndi theka. Nsengwa, kupitirira theka la kilo. Madzi a m'nsupa amene mwana amakhalamo, pafupifupi kilo imodzi. Chiberekero chokha chimakula mpaka pafupifupi kilo imodzi. Magazi a mayi amawonjezereka pafupifupi ndi theka la amene anali nawo, chifukwa ndi amene amanyamula chakudya ndi mpweya kupita kwa mwana. Anawonjezera maere, madzi ena a m'thupi, ndi mafuta okwana makilo 3 kapena apo, amene thupi limasunga dala kuti lidzagwiritse ntchito poyamwitsa. Ataphatikiza zinafika cha m'ma 12. Anandipatsa cholembera.

"Tandiuzani, mwanangu, pamenepa tichotsepo chiti?"

Ndinayang'ana kapepala kaja nthawi yaitali. Moyo wanga wonse kilo iliyonse yowonjezera ndinkaiona ngati mlandu. Apa kilo iliyonse inali ndi dzina ndi ntchito yake.

Za opareshoni anandiuza mosabisa kuti kudzimana sikulonjeza kuti munthu achira bwinobwino. Chimene kungabweretse ndi mwana wosakwana makilo 2.5, amene amavutika kusunga kutentha ndi kuyamwa, komanso mayi wochepa magazi amene kutaya magazi pochira kumamuika pangozi. Anawongolanso za apongozi zija mwaulemu: si mbale ziwiri ayi, koma kachakudya kamodzi kowonjezera pa tsiku, ndi kusinthasintha magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja, zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Anandifunsanso za mapilitsi owonjezera magazi. Ndinavomera kuti ndinkawadumphitsa.

Pambuyo pake ndinawerenga pa foni kuti bungwe la Institute of Medicine la ku America linatulutsa malire ake mu 2009. Mayi amene anaima ali ndi thupi logwirizana ndi msinkhu wake, ngati mmene ndinalili ine, awonjezere makilo 11.5 mpaka 16. Amene anali wowonda kwambiri, 12.5 mpaka 18. Wonenepa, 7 mpaka 11.5, ndipo wonenepa kwambiri, 5 mpaka 9. Nchifukwa chake zija timachita pa benchi, zosuzumirana m'mabuku, zimangotipweteketsa mitima. Mnzako anayambira pake. Ndipo pali kunenepa kwina kumene sikunenepa konse: nkhope ndi manja zikatupa mwadzidzidzi, mutu nkumawawa, maso nkumaona mwachimbuuzi, musadikire tsiku la sikelo. Kumeneko kungakhale kuthamanga kwa magazi, ndipo kumapha mayi ndi mwana yemwe.

Chovuta kwambiri chinali kuuza bambo a kunyumba. Ndinangowapatsa kapepala kaja titatha kudya. Anawerenga, nkundifunsa kuti zakudya zamasana zija zinkapita kuti. Nditawauza anakhala chete, kenako anati, "Ndinkaona mukusiya nsima, koma ndinkaopa kukukakamizani. Mundikhululukire kuti sindinafunse." Sanatchule za kukongola, ndipo ndikuthokoza kuti sanatero, chifukwa tsiku limenelo sindikanakhulupirira.

Kuyambira pamenepo m'mawa kunkakhala phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Iwo akamaweruka ankadzera kumsika kukagula usipa, mapeyala kapena nthochi. Nkhwani wotendera, bonongwe, nyemba ndi mbatata yofiira m'kati zinabwerera m'nyumba. Mazira anautsa kankhani, popeza apongozi ankati mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Sindinatsutsane nawo pamaso. Mwana wawo ndi amene anawafotokozera kuti akuchipatala alamula, ndipo iwo anangoti, "Chabwino, za masiku ano."

Siketi yakuda ija ndinaipinda nkuiika pansi pa sutikesi. Ndinagula zitenje ziwiri nkupita kwa telala. Pondiyeza anatchula nambala ya m'chiuno mokweza, mtima unagunda, koma sindinamuuze kuti apanikize. Ndinati asiye malo a miyezi itatu ikubwerayo.

Sindinganame kuti ndinayamba kukonda galasi tsiku lomwelo. Analipo masiku amene timizere tija tinkandiliza, makamaka ndikaona zithunzi za ukwati pa Facebook. Chimene chinasintha nchakuti ndikalira ndinkapukuta misozi nkukadya ndithu, ndipo alonda a pageti ndinkawagulira chawo padera.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri ndinavula nsapato nkukwera pa sikelo maso ali otsegula. Inaonetsa 62. Namwino uja analemba, nkundigwira paphewa: "Tsopano tikuyenda." Sabata yomaliza ndisanapite kuchidikiro inaonetsa 68, makilo 12 pamwamba pa a tsiku la ukwati. Kapepala kaja ndinakapinda nkukaika m'buku la sikelo, pamodzi ndi zitenje ndi beseni m'chikwama. Za usiku umene nsupa inasweka, mvula ikugwa, ndidzakamba m'gawo 10.