Lachisanu magazi anali pa ayezi, tourniquet inali imodzi yokha

Sabata ino yanditopetsa abale, ndipo mtima ukundiwawabe mpaka pano. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ndine athletic therapist, wosamalira osewera akavulala, wa timu ina ya junior hockey, masewera a pa ayezi a achinyamata, kuno ku Saskatchewan m'dziko la Canada, anyamata a zaka 16 mpaka 20, ndiye poti timu yake ndi yaing'ono ndine ndemwe wonola ma skate (nsapato zotsetserekera pa ayezi zokhala ndi mpeni kunsi), wochapa majezi komanso wolongedza zikwama m'basi.

Lolemba mpaka Lachinayi panalibe chachilendo. Pulakitisi m'mawa, kumanga tepi mapewa ndi mawondo, goalie wathu ntchafu ikumuvutabe, wina ali pa concussion protocol, ndondomeko yotsata munthu akavulala m'mutu, ndiye tsiku lililonse kukangana naye kuti iyayi sulowa pa ayezi olo ulire. Lachitatu tinakasewera koyenda, tinaluza, tinafika 3 koloko m'bandakucha ine n'kuyamba kuyanika zida. Basi ya usiku sindinaizolowere mpaka lero. Aliyense wa ntchito imeneyi kuno amakumbukira 6 April 2018 pamene thiraki inawombana ndi basi ya timu ya Humboldt Broncos akupita ku Nipawin, anthu 16 anamwalira, ndipo mmodzi mwa iwo anali Dayna Brons, amene ankagwira ntchito yomweyi ndikugwira ineyi. Ndikakwera ndimapemphera kaye.

Koma nkhani ndi ya Lachisanu. Gemu ya pakhomo, period yachiwiri, anyamata atatu anagwera pamodzi pakona akulimbirana puck, kachimbale kamene amamenya ndi ndodo m'malo mwa mpira. Awiri anadzuka, wachitatu anadzuka atagwira dzanja akuthamangira kubenchi, ndipo kumbuyo kwake kunali mzere wofiira pa ayezi. Ndi rookie, wosewera watsopano, wa zaka 17, wochokera ku Manitoba, mwana wofatsa amene amathokoza nthawi zonse ndikamunolera ma skate. Mpeni wa skate ya mnzake unadutsa pampata uja wa pakati pa golovesi ndi elbow pad, pamkono penipeni pafupi ndi chikhatho. Nditachotsa golovesi magazi anali akutumphuka motsatira kugunda kwa mtima, apo ndinadziwiratu kuti artery, mtsempha wobweretsa magazi kuchokera kumtima, yapita.

Ndinapanikiza ndi dzanja langa, ndinamugoneka pansi mukolido, mkono m'mwamba, n'kuuza kaputeni kuti atsegule chikwama changa thumba lakumanzere. Gauze yense, nsalu yoika pabala, amene ndinali naye ananyowa nthawi yomweyo. Ndinamanga tourniquet, lamba wothina mkono kuti magazi asiye kutuluka, kupotokola mpaka magazi anasiya, mwana akukuwa chifukwa chinthu chija chimapweteka kuposa bala lenilenilo, kenako ndinalemba nthawi pamkono pake ndi maka yomwe timalembera manambala pa ndodo. Pamwamba ndinaika matawulo a pabenchi chifukwa china chinalibepo. Matawulo opukutira thukuta, abale, pabala lotseguka.

Tawuni yathu ndi yaing'ono, ambulansi siikhala pakhomo pa rink, ndiye tinadikira. Nkhope yake inayera ngati pepala, milomo ikunjenjemera, amvekere "kodi ndidzaseweranso?" Ndinamuuza kuti mwana wanga, yang'ana ine, puma pang'onopang'ono, za hockey tikamba mawa. Mayi amene amamusunga kunyumba kwawo, pajatu anyamatawa amakhala ndi ma billet family kutali ndi makolo awo, anatsika kuchokera kumipando osavala ndi jekete yomwe, anagwada pa simenti yozizira n'kumugwira mutu ngati mwana wawo wobereka. Nthawi yonseyi ine m'mutu mukungozungulira chinthu chimodzi, kuti wina akavulala pano gemu ikupitirirayi ndilibe chomumangira.

Anamutengera kumzinda usiku womwewo, anamupanga opaleshoni, asoka artery ndi ma tendon awiri. Dzanja lapulumuka. Makolo ake anayendetsa galimoto usiku wonse. Season yake mwina yathera pomwepa.

Tsopano chimene chandikwiyitsa. Mu August ndinalemba mndandanda n'kuupereka kwa a manejala: tourniquet yachiwiri, gauze woumitsa magazi, ndi ma sleeve osadulika ovala pamkono a osewera onse. Anandiyankha kuti bajeti yathina, tione chaka chamawa. Ndinawakumbutsa za Evander Kane, amene nthawiyo anali wa Edmonton Oilers, yemwe anadulidwa malo omwewa mu November 2022, akuti imeneyo ndi ngozi ya kamodzikamodzi. Zoteteza khosi tili nazo, inde, koma zinagulidwa chifukwa lamulo linakakamiza, pambuyo poti Adam Johnson wa Nottingham Panthers wamwalira atadulidwa pakhosi ku Sheffield mu October 2023. Ndiye kuti tizidikira kaye mwana wa munthu afe kuti tigule chinthu? Clint Malarchuk wa Buffalo Sabres anapulumuka mu 1989 chifukwa trainer wake anafika msanga n'kutsina mtsempha ndi zala, ndipo aliyense mu hockey amaidziwa nkhani imeneyi, koma pogawa ndalama thumba la trainer limabwera kumapeto.

Ndalama zinalipo. Mwezi womwewo anaoda ma banner atsopano ndi mafulemu a zithunzi zakale pokonzekera usiku wokumbukira mbiri ya timu. Musandimve molakwa, mbiri ya timuyi ndimaikonda. Sitili ngati Regina Pats amene anayamba mu 1917 n'kudzatulutsa katswiri Connor Bedard, athu ambiri akakwana zaka 20 amapita ku koleji kapena kubwerera kumunda kwa makolo awo, koma ndikamadutsa mukolido muja ndimaima kuyang'ana zithunzi za anyamata osavala zipewa, ena mano akutsogolo kulibe, ndipo ena mwa iwo ndi madala amene amabwera gemu iliyonse kudzakhala mpando womwewo ndi khofi m'manja. Timuyi ndi moyo wa tawuni ino nthawi yozizira. Koma anyamata a pazithunziwo anasewera kale, amene ali m'manja mwanga ndi awa akutuluka magaziwa.

Loweruka mwambo unachitika, holo inadzaza. A manejala anabwera kuchipinda changa akuti mwagwira ntchito yotamandika dzulo, tonse tikukunyadirani. Ndinati zikomo bwana, n'kuwapatsa pepala lomwe lija la mu August, deti yake ili pomwepo. Anangoliyang'ana osayankha, kenako akuti tikambirana Lolemba.

Lamulungu ndinapita ndekha kukachapa. Matawulo aja ndinataya. Ndili mkati mochapa kaputeni analowa ndi anzake anayi, akuti tiuzeni ma sleeve aja amagulitsa kuti, tisonkha tokha. Ana oti ena salandira ndi kakobiri komwe. Ndinawalembera dzina la sitolo, koma ndawauza kuti asunge malisiti, chifukwa mawa ndikawaika patebulo la a manejala pamodzi ndi golovesi ija, sindinaichape.