Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Makatoni a Manegetivu

Ndikuthokoza nonse amene munandilembera mutawerenga gawo lapitalo, makamaka inu amene munafunsa chifukwa chimene ndinasiyira kutchula mnzanga wa ku situdiyo uja. Ena munaganiza kuti anamwalira. Ali moyo, ndipo ndimamva kuti malonda ake akuyenda bwino. Ndinkazengereza dala, chifukwa nkhani yake ndi yolemera kwa ine.

Mukukumbukira kuti ndinasiya ntchito ya mu ofesi, yowerengera ndalama za eni ake, kuti titsegule situdiyo ndi iyeyo. Alamu anga aja ananena poyera kuti mlongo wawo wakwatiwa ndi munthu wosewera ndi kamera, ndipo mawuwo sanawabweze mpaka lero. Ntchito tinagawana bwino: iye ankaona za makasitomala ndi ndalama, ine ndinkajambula ndi kutsuka zithunzi. Zaka zinapita tili pamtendere.

Achinyamata ambiri amene mukuwerenga pano simunalowepo m'chipinda chamdima, choncho ndifotokoze pang'ono kuti mumvetse chimene ndinataya. Filimu imodzi ya 35mm inkakwana zithunzi 24 kapena 36 zokha, motero munthu ankayamba waganiza asanadine batani. Filimuyo tinkaitulutsa mumdima wa ndiweyani, mongopapasa ndi manja, ndipo ikatsukidwa inkasanduka negetivu, pamene choyera chimaoneka chakuda, chakuda n'kuoneka choyera. Pepala la zithunzi zakuda ndi zoyera silionongeka ndi nyali yofiira, ndiye pansi pa nyali imeneyo ndinkaliviika m'mabeseni atatu: la mankhwala otulutsa chithunzi, la oimitsa mankhwala oyambawo, ndi la okhazikitsa chithunzicho kuti chisafufutike. Chithunzi cha papepala chikang'ambika, umatsuka china kuchokera ku negetivu yomweyo. Negetivu ikatayika, kulibenso kokafunsa. N'chifukwa chake iliyonse ndinkaiika m'kathumba kake, kulembapo tsiku ndi mwini wake, n'kusanja m'makatoni pashelefu ya kumwamba kumene sikunkafika chinyezi.

Kamera za digito sizinatigwere mwadzidzidzi. Steven Sasson, injiniya wa kampani ya Kodak, anapanga yoyamba mu 1975, ndipo inkatenga masekondi 23 kuti isunge chithunzi chimodzi pa kaseti. Ife tinadzamva kulemera kwake patapita nthawi yaitali, makasitomala atayamba kufuna kudziona nthawi yomweyo kumbuyo kwa kamera, kenaka mafoni a m'manja atayamba kujambula okha. Mu 2009 Kodak inasiya kupanga filimu yake yotchuka ya Kodachrome, ndipo mu Januwale 2012 kampani yonseyo inapita kukhoti kukapempha chitetezo chifukwa cha ngongole. Ndikulemba zimenezi kuti musandiyese munthu wokakamira zakale. Mnzangayo akamanena kuti filimu yatha malonda, ankanena zoona, ndipo ine ndinali nditagula kale kamera ya digito n'kuphunzira kukonza zithunzi pa kompyuta. Pa zimenezo sitinakanganepo.

Bambo anga atadwala matenda amene ndinafotokoza m'gawo lachisanu ndi chiwiri, ndinasiya zonse kukawadwazika, ndipo sindinabwerere mpaka titawaika m'manda. M'mawa umene ndinapita ku situdiyo ndinali ndi cholinga chimodzi chokha. Mayi anali atandipempha chithunzi chachikulu cha amuna awo, chija ndinawajambula akadali amphamvu, atakhala pampando, akuseka chifukwa ndinkawauza kuti asaseke. Ndinkadziwa katoni yake, ndinkadziwanso kathumba kake.

Nditalowa ndinapeza chitseko cha chipinda chamdima chili pululu, chinthu chimene sichinkachitika. Nsalu yakuda imene ndinakhomera pazenera inali itachotsedwa ndipo dzuwa linkawala mpaka pansi. Makoma anali atapakidwa penti yoyera. Pamene pankakhala mabeseni panali tebulo latsopano, makompyuta awiri ndi pulinta yaikulu. Ngakhale fungo la mankhwala lija, limene akazi anga ankadandaula kuti silichoka m'malaya, linali litatheratu. Ndinayang'ana kumwamba, ndipo shelefu inalipo, koma yopanda kanthu.

Ndinamufunsa kumene anaika makatoni. Sanadzuke pampando. Anati, "Achimwene, zija zimangodya malo, ndipo palibe anabwerapo kudzazifunsa. Ndinauza anyamata kuti azitaye." Ndinafunsa kuti anatayira kuti, ndipo anayankha kuti otola zinyalala anatenga kalekale. Kenaka anandipepesa za maliro, ndiponso anandifunsa ngati ndingathe kukajambula ukwati Loweruka lomwelo.

Sindinakalipe. Ndinakhala pa mpando wa makasitomala, manja akunjenjemera, ndikuwerenga mumtima zimene zinali m'makatonimo. Munali maukwati a anthu amene ena anali atamwalira kale, makanda amene tsopano ndi akuluakulu, ndi zithunzi za manja a amisiri okalamba zimene ndinkajambula pandekha, popanda wondilipira, ndi chiyembekezo chakuti tsiku lina ndidzazionetsa pagulu. Munalinso nkhope ya bambo anga. Madzulo ndinayenera kupita kwa mayi opanda kanthu m'manja, ndipo atandifunsa ndinangoti chithunzi chichedwa pang'ono. Anagwedeza mutu n'kunena kuti adikira. Anadikiradi, ndipo chimene analandira pomaliza chinali kachithunzi kakang'ono ka pachiphaso, kamene ndinakakulitsa pa kompyuta mpaka maso a bambo anachita chimbuuzi.

Akazi anga, amene anali ndi zifukwa zokwanira zogwirizana ndi achimwene awo pa nkhani ya ntchito yangayi, sananene zambiri. Atamva anati, "Bambo, kumene kuja musakabwererenso. Tidzaona podyera." Masiku amenewo malipiro awo okha ndiwo anasunga banja, ndipo sanandikumbutsepo.

Mwina mmodzi mwa inu anganene kuti munthu sataya ubwenzi wa zaka zambiri chifukwa cha mapulasitiki akale, ndipo ndikudziwa kuti angatero ndi mtima wabwino. Yankho langa ndi lakuti chipindacho akanatha kuchitenga, ndipo ndikanamuthandiza kupaka pentiyo. Makatoni aja akanakwana pansi pa bedi langa. Ankadziwa nambala yanga ya foni, ankadziwanso kumene ndinali ndi chimene ndinkachita kumeneko. Munthu amene wagwira nawe ntchito nthawi yonseyo, n'kumaona ukupukuta negetivu iliyonse ndi kansalu kofewa, sangati sankadziwa kuti zinali za mtengo wapatali kwa iwe. Anasankha nthawi imene sindikanatha kukana. Mpaka lero sanabwere kudzanena kuti analakwa. Kwa anthu ena amafotokoza kuti anapulumutsa bizinesi, ndipo mwina anaipulumutsadi. Tikakumana ndimamupatsa moni, ndipo ana ake ndimawafunira zabwino, koma kugwiranso naye ntchito ayi.

Tinagawana katundu mwakachetechete, iye n'kutsala ndi dzina la situdiyo, ine n'kutenga kamera zanga. M'gawo lotsatira ndidzafotokoza mmene ndinayambiranso ndekha wopanda malo ogwirira ntchito, ndiponso za tsiku limene alamu anga aja anafika pakhomo kudzapempha kuti wosewera ndi kamerayu akajambule ukwati wa mwana wawo.