Maola amene ndinavomereza osawerenga

Usiku uno ndikulephera kuiwala zimene tinakambirana masana ndi mnzanga wa kuntchito. Maola amene tagwirira kasitomala aliyense timawalemba mu pulogalamu yowerengera nthawi, ndipo kwa miyezi ingapo AI, pulogalamu ya nzeru zopangidwa ndi anthu yotha kuchita zinthu payokha, yakhala ikutithandiza kuwasanja. Tinailumikiza kudzera mu Model Context Protocol, njira imene kampani ya Anthropic inatulutsa mu Novembala 2024 kuti AI izitha kugwiritsa ntchito mapulogalamu ena. Ine ndinaumirira kuti iziwerenga maola mmene ifunira, koma ikafuna kufufuta mzere wa maola olembedwa, kusintha maola a munthu wina kapena kukhudza mwezi umene invoisi yake inatumizidwa kale, iziima kaye n'kupempha chilolezo.

Mnzangayo anandipeza ndikudina batani lovomereza, ndipo anati: "Achimwene, ngati inu muzikhalabe pamenepo n'kumavomereza chilichonse, tinaibweretseranji AI imeneyi? Awa ndi maola chabe, si akaunti ya kubanki."

Ndinawayankha kuti mapulogalamu a mtundu umenewu, kaya ndi Toggl Track, Clockify kapena Harvest, amaoneka ngati kabuku kopanda vuto, komabe maola olembedwamo ndi amene amasanduka invoisi ya kasitomala ndi malipiro a wogwira ntchito, moti mzere umodzi ukasowa, wina wagwira ntchito yaulere osadziwa. Ndinawakumbutsanso kuti kiyi ya API, nambala yachinsinsi imene tinapatsa AI kuti izilowera mu pulogalamuyo, ili ndi mphamvu zonse za mwini akaunti, ndipo pulogalamuyo siingasiyanitse dzanja langa ndi la AI. Mfundo yakuti pulogalamu izipatsidwa mphamvu zokhazo zimene ntchito yake ikufuna si yachilendo, chifukwa akatswiri a zamakompyuta Saltzer ndi Schroeder anailemba kale mu 1975, makompyuta asanafike pa desiki ya aliyense. Palinso vuto limene katswiri wolemba mapulogalamu Simon Willison analitcha prompt injection mu 2022: AI imawerenga mawu ofotokoza ntchito pa mzere uliwonse, ndipo wina atalembamo chiganizo chooneka ngati lamulo, ikhoza kuchitsatira ngati kuti ndanena ndine.

Iwo anangomwetulira n'kufunsa kuti, "Nanga pa zopempha zonse za lero, mwawerenga zingati mpaka kumapeto?" Ndinayankha mwamphamvu kuti zonse, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Kaya chinali chikumbumtima kaya kunyada, sindinathe kutseka kompyuta ndisanayang'ane mndandanda wa zimene AI inachita. M'mawa ndinali nditaiuza kuti ichotse maola a mwezi watha amene analembedwa kawiri. Pa mizere imene inafufuta, umodzi sunali wobwereza ayi. Inali misonkhano iwiri yosiyana, ya kasitomala mmodzi, tsiku limodzi, iliyonse ya ola limodzi, ndipo mawu ofotokoza anali ofanana chifukwa wolembayo anangokopera. AI inaima monga ndinailamulira, inandisonyeza mzerewo, inapempha chilolezo, ndipo ine ndinavomereza. Nthawi imene inalembedwa pamndandandapo ikusonyeza kuti panangodutsa masekondi awiri. Mwamwayi invoisi inali isanapite, choncho ndinalembanso ola lija ndi manja.

Chimene chikundipweteka si ola lotayikalo. Ndinaima pamaso pa mnzanga n'kumalalikira za mpanda umene ndinamanga, pamene mlonda wa pachipata, amene ndi ine ndemwe, anali atagona kale. Zopempha zikachuluka ndiponso zikafanana maonekedwe, chala chimaphunzira kudina maso asanawerenge, ndipo chilolezo chotere chimangosamutsa mlandu kuchoka kwa makina kubwera kwa ine popanda kuteteza aliyense.

Ndaganizapo zochotseratu mphamvu yofufuta, kuti AI izingoika chizindikiro pa mizere yokayikitsa, ine n'kudzaiona yonse pamodzi kamodzi pa sabata mtima uli m'malo. Ndaganizanso zotseka mwezi uliwonse ukangotha, kuti kiyi yake isamafikeko n'komwe. Zonsezi zikutanthauza kuti zopempha zichepe, zomwe n'zimene mnzanga ankanena, ngakhale kuti iwo ankafuna kuti AI ipatsidwe ufulu wambiri pamene ine ndikufuna kuuchepetsa. Mawa tikumana m'mawa, ndipo sindinasankhebe ngati ndiwauze za masekondi awiri aja.