Bakkie yotsitsa isamakuphwanyeni msana

Bakkie (pikapu) yotsitsa ikamagunda kunsi pa bampu iliyonse, anthu amathamangira kunena kuti masipuling'i afewa, ndiye amaika olimba. Ine ndikuti ayi. Nthawi zambiri vuto limakhala loti tayala lilibenso mpata wokwera ndi kutsika.

Yanga ndi Nissan 1400, zija anasiya kupanga mu 2008 pomwe NP200 inalowa m'malo mwake. Ndinaigula ili yotsitsa kale, ndipo sindifuna kuikweza, chifukwa ikaima pageti ku Rosettenville imaoneka bwino zedi. Koma ndi galimoto ya ntchito, imanyamula zidebe za penti ndi makwerero, ndipo maenje a m'misewu ya kuno ku Joni mvula ikayamba mukuwadziwa nonse.

Musanagule chilichonse, lowani kunsi ndi tochi. Pakati pa diff (chitsulo cholumikiza matayala akumbuyo) ndi chassis (chimango cha galimoto) pali kamphira kotchedwa bump stop. Pa yanga, pamalo pomwe kamagunda chitsulo chinali chitapukutika mbee, ndipo mpata wotsala unali wolowa chala chimodzi basi. Mwini wakale anaika mabuloko otsitsira galimoto pakati pa diff ndi masipuling'i a kumbuyo, koma mphirayo anaisiya yaitali ngati kale. Choncho galimoto inkayenda itakhalira mphira, sipuling'i osagwira ntchito yake. Tinaika mphira zazifupi, zofewa kunsonga. Osazichotseratu chonde, chitsulo chizidzamenya chitsulo chinzake.

Kenako mashoki. Shoki ya kufakitale anaipangira galimoto yosatsitsa, ndiye mukatsitsa imakhala yopanikizika kale, imafika pothera msanga, mapeto ake imayamba kudontha mafuta. Makaniko wina, mnzathu wa ku Mangochi, anandionetsa njira yosavuta: mangani cable tie (kalamba kapulasitiki komangira mawaya) pa kamtengo kachitsulo ka shoki, yendani pang'ono modutsa mahampu, mubwere muone pomwe yakankhidwira. Ikafika kumapeto kwenikweni, shokiyo ndi yaitali. Yezani kutalika kwake itatseka komanso itatambasuka, mupite ndi manambalawo kosaka zazifupi. Mashopu a masipeya ali mbwee ku Jules Street, koma osangotchula dzina la galimoto, adzakupatsani zomwezo za kufakitale.

Kutsogolo, ngati wina anadula masipuling'i ndi grinder, achotseni. Sipuling'i yodula imalimba kuposa kale, ndipo imatha kusuntha pampando pake tayala likalendewera. Gulani opangidwira kutsitsa.

Za matayala ndiye pomwe ndimakangana ndi anyamata. Yanga inabwera ndi 195/45 R15, mphira ya m'mbali pafupifupi mamilimita 88. Ndinabwerera pa 185/60 R13, yomwe ili ndi mamilimita 111, koma kukula kwa tayala lonse kuli pafupifupi chimodzimodzi, ndiye galimoto sinakwere. Mphira yowonjezerayo ndi imene imameza timaenje tating'ono sipuling'i isanamve n'komwe. Malimu aakulu ndi okongola, sindikukana, koma mukagwera m'dzenje lodzaza madzi usiku pa msewu wa Louis Botha, limu limapindika pomwepo. Mpweya nawonso ndimapopa wambiri pokhapokha ndikanyamula katundu, ndikatsitsa ndimauchepetsa.

Mukamaliza zonsezi pitani ku alignment, chifukwa kutsitsa kumasintha kaimidwe ka matayala akutsogolo ndipo amadyeka mkati. Mukamva kunjenjemera ponyamuka, auzeni aonenso mmene propshaft (chitsulo chozungulira chochokera ku giyabokosi) yakhalira ndi diff, poti mabuloko aja amatha kuipendeketsa.