Thumba la Tyson limabwerera

"Akochi, Tyson wanu uja ndi wamfupi. Fury akanangomutambasulira dzanja basi, n'kumadikira belu."

Anatero mnyamata wamtali kuposa onse amene ndimawaphunzitsa nkhonya, ndipo manambala anali kumbali yake. Mike Tyson ndi wa masentimita 178, akatambasula mikono amafika 180. Tyson Fury ndi wa 206, mikono 216. Oleksandr Usyk, amene anagonjetsa Fury ku Riyadh mu 2024 n'kusonkhanitsa malamba onse anayi, ndi wa 191, koma masiku ano amatchedwa wamng'ono.

Komatu ufupi womwewo ndi umene Cus D'Amato, mphunzitsi wa Tyson, anagwiritsa ntchito pomuphunzitsa kamenyedwe ka peek-a-boo ku Catskill. Magulovesi pamasaya, zigongono m'nthiti, mutu osakhazikika. Wamtali akaponya jab, nkhonya yowongoka ya dzanja lakutsogolo, iwe supinda msana ayi, umapinda mawondo, mutu n'kusuntha pang'ono chabe kuti nkhonya idutse pakhutu, phazi likulowa nthawi yomweyo. Ukafika pachifuwa pake, mikono yaitali ija yatha ntchito. Ndi mmene Tyson analandira lamba kwa Trevor Berbick mu 1986 ali ndi zaka 20, n'kudzagwetsa Michael Spinks mu 1988 m'masekondi 91.

Zimenezi kuzilankhula sikukwanira, ndiye ndinati ndiwaonetse pa slip bag, kathumba kolendewera kamene Tyson ankaphunzirirapo kuzinda. Kamayenera kukhala kakang'ono, kosalemera kupitirira kilo imodzi kapena awiri, kamangidwe kuti kakaima kafike pachibwano pako. Umakakankha, n'kuima panjira yake. Kakamabwera uzinda kumanzere, uponye ziwiri, utsike kuti kadutse pamwamba pobwerera, kenako uzinde kumanja. Phunziro lonse lili pa kubwererako: ukatha kumenya, mutu usaime pomwe unali.

Langa ndinalipanga ndekha ndi chikopa cha mpira wakale. Ndinathiramo mchenga wonyowa mpaka makilo asanu, poti chopepuka n'cha ana. Mchenga wonyowa umatsendereka n'kuuma gwa. Chingwe nachonso ndinamanga chachitali, kuchokera kudenga. Chingwe chachitali chimachedwetsa thumba, limapita kutali n'kukupatsa nthawi yokwanira kuiwala kuti liliko.

Ndinalikankha mwamphamvu, likubwera ndinazinda bwinobwino, mphepo yokha pakhutu. Ndinaponya yamanzere ya m'nthiti, yamanja ya pachibwano. Anyamata anati "eee!" Apo ndiye ndinawongoka, manja pansi, chala chikuloza wamtali uja.

"Mwaona? Fury wanuyo pano akanakhala ata..."

Phu! kunkhongo.

Ndinadzazindikira ndikuyang'ana malata, thumba likudutsa pamwamba panga modekha, kupita n'kubwera. Wina anali atayamba kale kuwerenga, ndipo mwaulemu ankawerenga pang'onopang'ono. Atafika pa seveni anafunsa, "Akochi, mupitiriza?"

Chonsecho zimene ndinaonetsazo ndi mbiri ya Tyson yeniyeni, kungoti ndinathamangira kumapeto kwake. D'Amato anamwalira mu 1985. Kevin Rooney, mphunzitsi amene ankaumiriza Tyson kusuntha mutu, anachotsedwa mu 1988 itatha nkhonya ya Spinks. Pofika ku Tokyo mu 1990, Tyson ankalowa chowongoka, akusaka nkhonya imodzi yomalizira. Buster Douglas ankangomudyetsa jab mpaka diso lakumanzere linatupa, ndipo mu raundi ya 10 anamugwetsa. Anthu a pakona ya Tyson sanabweretse n'komwe kachitsulo kozizira kotsitsira chotupa, anachita kuthira madzi ozizira m'gulovesi ya labala n'kumamuika pankhope. Kenako Evander Holyfield mu 1996 anamubweza m'mbuyo ndi mphamvu, kumene peek-a-boo siyenda. Lennox Lewis mu 2002 ku Memphis ankamumenya ali patali, akayandikira n'kumukumbatira, kumutsamira ndi thupi lonse mpaka miyendo inatha.

Maganizo anga sanasinthe. Tyson wa 1986 mpaka 1988 akanavutitsa aliyense wa lero m'maraundi anayi oyamba, Fury yemwe, amene wagwetsedwapo kangapo ndi anthu osafulumira ngati Tyson. Koma kamenyedweka kamadya miyendo, ndipo Fury ndi katswiri wotsamira. Usyk ndiye akanavuta zedi, chifukwa saima pamalo oti umupeze, ndipo raundi ya 9 amaithamanga ngati yoyamba. Akapyola raundi ya 6, ndalama yanga ikanapita kwa a lerowa.

Ndinafotokoza zonsezi nditakhala pansi, thaulo lonyowa lili kunkhongo, aliyense akugwedeza mutu mwaulemu. Wamtali uja anadikira ndimalize, kenako anakagwira thumba lija n'kulikweza dzanja m'mwamba, poti chingwe chake ndicho dzanja limene linalipo.