33,550,336 yatheka tsopano

Ino ndi sabata yachitatu ndikulimbana ndi nambala zimene akatswiri a masamu amati perfect numbers. Ine m'kope mwanga ndimangolemba kuti "zangwiro". Mumatenga nambala zonse zolowamo popanda chotsala, kupatula iyo mwini, n'kuziphatikiza. Zikabweza nambala yomweyo, ndiye kuti ndi yangwiro, monga 6 amene ali 1+2+3. Zotsatira zake ndi 28, 496 ndi 8128, ndipo zinayizi sizinandivute.

Yachisanu ndiyo inandidyera masiku. Ndinatsata njira ya Euclid, katswiri wakale wa masamu: kuwirikiza 1, 2, 4, 8 mpaka mtsogolo, uku ndikuphatikiza. Chiphatikizocho chikakhala prime, nambala imene imangolowedwa ndi 1 ndi iyo yokha, mumachichulukitsa ndi nambala yomwe mwalekezera. Mwachitsanzo 1+2+4 ndi 7, ndipo 7 kuchulukitsa ndi 4 ndi 28.

Nditafika pa 1024, chiphatikizo chinali 2047. Ndinayesa 3, 7, 11, 13, zonse osalowa, basi ndinalemba 2,096,128 n'kukagona mtima uli m'malo. Kutacha ndinapitiriza kuyesa, ndipo 23 analowa ka 89. Zinandiwawa kwambiri, pakuti ndinali nditamuuza kale mwana wanga wa Fomu 2 kuti ndaipeza.

Kuno ku Nchalo mwezi wa October masana sungagwire pepala, thukuta limafufuta inki. Choncho ndimadzuka 4 koloko m'mawa, n'kukhala pakhonde ndi tochi kunja kusanatenthe. M'mawa itatu yotere inathera pa 8191, chiphatikizo cha pa 4096. Ndinagawa pamanja ndi ma prime onse 24, kuyambira 2 mpaka 89, osalowa ndi mmodzi yemwe. Pambuyo pake ndi pomwe ndinawerenga za njira yachidule ya Fermat, katswiri winanso wa masamu: chilichonse cholowa mu 8191 chiyenera kutsala 1 chikagawidwa ndi 26. Ndiye kuti 53 ndi 79 okha akanakwanira! Pa 53 pamatsala 29, pa 79 pamatsala 54. Komabe sindikudandaula, dzanja linazolowera kugawa.

Tsono 4096 kuchulukitsa ndi 8191 ndi 33,550,336. Nambala zolowamo zilipo 25, kupatula iyo mwini. Zowirikiza zija 13, kuyambira 1 mpaka 4096, zimapereka 8191, zina 12 zimapereka 33,542,145, ndipo pamodzi zimabweza nambala ija ndendende. Chimene chinandikoma koposa n'choti mukaphatikiza nambala zonse kuyambira 1 mpaka 8191 mumafikanso pomwepo. Mukati muunjike njerwa, mzere wapansi 8191, wotsatira 8190, mpaka imodzi pamwamba, zingakhale zochuluka choncho. Mwana wanga ndiye anaona kuti manambala ake asanu ndi atatuwo akaphatikizidwa amapereka 28, yangwiro inanso.

Chiphatikizo chotsatira choti ndiyese ndi 131,071. Mwa njira ya Fermat ndiyenera kuyesa 103, 137, 239 ndi 307 basi. Pa 103 ndayesa kale lero, patsala 55.